Mmene asayansi amapatulira mapuloteni omata pa DNA

M'selo iliyonse ya munthu muli mapuloteni a mitundu masauzande ambiri, koma pali gulu lina lapadera lomwe ntchito yake ndi kumata pamalo osankhika a DNA n'kulamula kuti jini iyambe kugwira ntchito kapena ileke. Mapuloteni amenewa akasokonekera, matenda monga khansa amatha kuyamba. Vuto ndi lakuti amapezeka ochepa zedi m'selo, ndipo popanda kuwapatula kwa anzawo n'kovuta kudziwa mapangidwe awo kapena jini imene imawapanga.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, Bruce Alberts wa ku America anamatiriza DNA pa ufa wa cellulose, nauika m'kachubu, n'kuthiramo madzi ochokera m'maselo ophwanyidwa. Mapuloteni okonda DNA ankatsalira, ena onse n'kudutsa. Njirayi inathandiza, koma inkakola chilichonse. DNA ili ndi mphamvu yamagetsi ya negetivu, choncho puloteni iliyonse ya pozitivu imamatirirapo, ngakhale yomwe sisamala za ndondomeko ya zilembo A, C, G ndi T.

Yankho lokhalitsa linabwera mu 1986 kuchokera kwa James Kadonaga ndi Robert Tjian a pa University of California, Berkeley. Iwo ankasaka puloteni yotchedwa Sp1, imene imazindikira zilembo GGGCGG, m'maselo a HeLa, omwe anatengedwa kwa Henrietta Lacks ku Baltimore mu 1951. M'malo mogwiritsa ntchito DNA wamba, anapanga tizidutswa tokhala ndi zilembo zomwe Sp1 imafuna, natilumikiza motsatizana kuti malo omatapo achuluke, kenako n'kutimangirira pa timikanda ta Sepharose.

Nzeru yeniyeni, komabe, inali pa nyambo yachiwiri. Asanathire madzi a m'maselo m'kachubu, ankayamba awasakaniza ndi DNA ina yambiri yopanda zilembo zosakidwazo. Mapuloteni omata paliponse ankathamangira DNA yonamizirayi n'kukokoloka nayo limodzi, pomwe Sp1, yomwe imagwira malo ake molimba kwambiri, inkatsalira pa timikanda. Kuchuluka kwa nyamboyi n'kofunika kukuyesa mosamala: ikachepa zinyalala zimatsalira, ikapyola muyezo imakokanso puloteni yofunikayo.

Chotsatira chinali mchere. Ankatsuka kachubu ndi madzi a potassium chloride wochepa, kenako n'kuwonjezera mcherewo. Mchere umafooketsa kukokana kwa magetsi kuja, moti mapuloteni ogwira mofooka amayamba kugwa, ogwira molimba n'kugwa pomalizira. Atadutsitsa madziwo kawiri m'kachubu, anayeretsa Sp1 kuwirikiza 500 mpaka 1,000, ndipo pafupifupi 90 peresenti ya zomwe zinatuluka inali Sp1 yokhayokha. Anataya zambiri panjira, pakuti anapulumutsa 30 peresenti yokha, koma inali yokwanira kuti chaka chotsatira apeze jini yake.

Masiku ano, jini ikadziwika, asayansi amangoilowetsa m'mabakiteriya a E. coli kuti apange puloteniyo yambiri, ataiwonjezera kamchira ka ma histidine asanu ndi imodzi komwe kamamata pa nickel. Koma pamene puloteni yomata pamalo ena a DNA sinadziwike n'komwe, malabotale amabwererabe ku timikanda, nyambo ndi mchere, ndipo zomwe zagwidwazo amazizindikira ndi makina a mass spectrometry.