Ana a Sukulu ndi Nkhalango ya Mulanje

M'caka ca 1927 Boma linapatula Phiri la Mulanje likhale nkhalango yosungika. Pakuti m'mitengo yace yowirira, momwe mvula ndi nkhungu sizilekeza, ndimo mucokera Ruo ndi Likhubula.

Kuyambira 1976 ana a sukulu anayamba kuturuka mwezi wa January pa tsiku lobzala mitengo, nabzala bulugamu ndi paini m'mizere. Nchito yokoma ndithu. Koma bulugamu si nkhalango ai, alibe zilambe, ndipo pansi pace pamauma gwa. Ndipo m'zaka za m'ma 1980, ana akali kupalira mbande zao, nkhalango yamvula ya Chisongeli kumwera kwa phirilo inagwa ndi nkhwangwa, nisanduka minda ya cimanga, pamene othawa nkhondo ya ku Mozambique anacuruka m'mbali mwace.