Nyumba ya Miyala ya ku Khondowe ndi Umboni Wake

Pa phiri la Khondowe, m'boma la Rumphi, pali nyumba ya miyala yotchedwa Stone House. Inamangidwa m'chaka cha 1903 kuti akhalemo Dr Robert Laws, mtsogoleri wa Mishoni ya Livingstonia. Ngakhale kuti nyumbayi si yathu ife Akatolika, tiyenera kuidziwa, pakuti mbiri yake ili ndi funso lotikhudza ife ansembe.

Amishoni ochokera ku Scotland anayamba ntchito yao ku Cape Maclear mu 1875. Malungo atawalanda anzao angapo, anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 anakwera ku Khondowe kukafuna mphepo yabwino. Tsono kumanga ndi miyala kunali kulengeza kuti kuyendayenda kwatha, Uthenga Wabwino wapeza pokhazikika. Laws anatsogolera mishoniyo kufikira 1927, akuyang'anira sukulu ya Overtoun, imene inasula anthu onga Clements Kadalie ndi Levi Mumba.

Koma nyumba yomweyo inali chizindikiro cha mpata umene unalipo pakati pa mmishoni ndi eni dziko. Amishoni ndiwo anali ndi mau omaliza pa nkhani za mpingo. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chiyambire mishoni. Mu 1933 Mwasi, atatopa ndi ulamuliro wa amishoni, anachoka nakayamba mpingo wina.

Umboni wina unaoneka mu Marichi 1959, pamene boma la atsamunda linalengeza kuti m'dziko muli chipwirikiti, nkuyamba kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress. Ndege inaponya uthenga ku Livingstonia wofunsa ngati azungu akufuna kuchotsedwako. Akuda ndi oyera atakhala upo, anayala pa udzu pafupi ndi nyumbayo zilembo zazikulu zooneka kuchokera kumwamba: Aefeso 2:14, ndime imene Paulo Woyera amaphunzitsa za Khristu wogumula khoma lolekanitsa anthu. Amishoniwo sanachoke.

Kotero nyumba imodzi yachitira umboni zinthu ziwiri: mpata wa pakati pa mbusa ndi nkhosa, ndiponso kutsekedwa kwa mpatawo pa tsiku la mantha. Miyala sinasinthe, anasintha ndi anthu okhalamo. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata chake cha 1964 chonena za umodzi wa Akhristu, unatilimbikitsa kuzindikira zabwino zimene Mzimu Woyera amachita mwa abale athu a mipingo ina. Ichi ndi chimodzi mwa izo.

Ifenso tinalandira nyumba zolimba kwa amishoni athu, kuyambira pa Nzama mu 1901 ndi pa Mua mu 1902. Tsopano tikukhalamo ndife ana a dziko lino. Kodi mkhristu wa kumudzi amafika pa khonde lathu momasuka, kapena amaimabe patali, chipewa m'manja?