Cisamaliro ca okalamba: zimene ofufuza a zacipatala apeza m'zaka zapitazi

M'mipingo yathu yambiri, nchito yoyendera odwala ili m'manja mwa amai a Cigwirizano, madikoni ndi akulu a mpingo. Ambiri mwa amene amawayendera ndi okalamba: agogo amene anagwa pakhomo, abambo amene anafa ziwalo ndi sitiroko, amai amene atuluka m'cipatala koma sakuthanso kufika okha kucimbudzi. Oyendera odwala amapemphera nawo, ndipo kawirikawiri a pabanja amawafunsanso malangizo. M'nkhani ino tasonkhanitsa zina mwa zimene madokotala ofufuza apeza, kuti malangizo amene timapereka m'makomo asakhale ongoganizira. Nkhaniyi siilowa m'malo mwa dokotala kapena nesi amene akuona wodwalayo. Kafukufuku wambiri anacitikira kumaiko akutali, ndipo tachula kumene aliyense anacitikira kuti owerenga adziweruzire okha.

Kugona pabedi

Tiyambe ndi cizolowezi cathu comwe. Munthu wamkulu akadwala, ulemu umatiuza kuti asagwire kanthu. Timawabweretsera madzi, timawadyetsa, akafuna kudzuka timati, "Iyai agogo, gonani, pumulani." Timacita izi mwacikondi, koma thupi la munthu wokalamba silikondwera nazo.

Mu 2007, ofufuza a ku Arkansas ku America anagoneka pabedi anthu okalamba ocepa, athanzi labwino, kwa masiku 10. Anali kudya bwino. Masikuwo atatha, pa avereji anali atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo. Awa anali anthu osadwala. Wodwala cibayo kapena malungo, amene sakufunanso cakudya, amafooka msanga kuposa pamenepo. N'cifukwa cake okalamba ena amalowa m'cipatala akuyenda okha, matenda amene anapitira n'kucira, koma kunyumba amabwerera atanyamulidwa.

Madokotala a ku Pamplona ku Spain anafuna kuona ngati zimenezi zingapewedwe, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2019 m'magazini ya JAMA Internal Medicine. Anatenga odwala 370 ogonekedwa m'cipatala, onse a zaka 75 kapena kuposerapo. Pa avereji anali a zaka 87. Theka analandira cisamaliro ca masiku onse. Theka linalo anali kucita zolimbitsa thupi kwa mphindi 20 m'mawa ndi mphindi 20 madzulo, kwa masiku 5 mpaka 7: kukankha ndi miyendo, kuimirira kucokera pampando, kuphunzira kuima osadzandira, ndi kuyenda. Tsiku lotuluka, a gulu locita zolimbitsa thupi anali kutha kusamba, kuvala ndi kuyenda bwino kuposa mmene analowera, pamene a gulu linalo anali atabwerera m'mbuyo. Maganizo ao analinso akuthwa. Tinenenso kuti patapita miyezi itatu, ciwerengero ca omwalira ndi ca obwerera m'cipatala cinali cimodzimodzi m'magulu onse awiri. Zolimbitsa thupi sizinatalikitse moyo. Zinasunga mphamvu ya munthu yodzithandiza yekha, ndipo aliyense amene anasamalapo kholo losatha kudzuka amadziwa mtengo wa cinthu cimeneci.

M'zipatala zathu, amene amakhala pambali pa bedi usana ndi usiku ndi wacibale. Conco funso loyenera kufunsa anesi tsiku lililonse ndi lakuti: kodi lero angakhale tsonga, kodi angayende pang'ono? Akavomera, wodwala adyere pampando, osati cogona, ndipo ngati angathe kugwira supuni, aigwire yekha ngakhale phala litayike.

Kugwa

Bungwe la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira caka ciliconse cifukwa ca kugwa. Oposa 80 mwa 100 alionse ndi a m'maiko osauka ndi apakati, ndipo msinkhu umene umakhudzidwa kwambiri ndi wa zaka zoposa 60. Coopsa kwambiri ndi kuthyoka fupa la m'ciuno, cifukwa munthu amagona nthawi yaitali, kenako zilonda za pabedi ndi cibayo zimatsatira.

Pa nkhani iyi umboni ndi wolimba. Mu 2019, gulu lotsogoleredwa ndi Catherine Sherrington wa ku Sydney linaphatikiza mafukufuku 108, okhudza anthu oposa 23,000, m'lipoti la Cochrane. Linapeza kuti zolimbitsa thupi zimacepetsa kugwa ndi 23 peresenti. Zimene zinaonetsa phindu loonekeratu ndi zophunzitsa thupi kuima molimba ndi kucita nchito za tsiku ndi tsiku, monga kudzuka pampando osagwira kanthu, kuima ndi mwendo umodzi dzanja lili pafupi ndi khoma, kuyenda cidendene cikugunda zala za phazi linalo, ndi kukwera citsitso. Kungoyenda cabe n'kwabwino pa zifukwa zina, koma sikunaonetse umboni wotere pa kupewa kugwa. Izi zingadabwitse okalamba a kumudzi amene amayenda mtunda wautali kupita kudimba.

Malangizo a dziko lonse opewera kugwa, amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya Age and Ageing, amati zolimbitsa thupizi zicitike katatu pa mlungu kapena kuposerapo, kwa milungu yosacepera 12, ndipo zizikula pang'onopang'ono. Amaperekanso mafunso atatu oyambira, amene dikoni aliyense angafunse: kodi mwagwapo m'caka capitaci, kodi mumamva kudzandira mukaima kapena mukamayenda, kodi mumaopa kugwa? Woyankha inde ayenera kuonedwa kukiliniki, kumene angayang'ane maso, mapazi, BP ali cogona ndi ali ciimire, ndiponso mankhwala amene akumwa, pakuti mapilisi ogonetsa ndi ena a maganizo amabweretsa cizungulire. Za pakhomo tingazione tokha: njira ya kucimbudzi usiku, mphasa yopindika, patapata wotha, khonde loterera nyengo ya mvula. Kunena zoona, makwerero a machalichi athu ena alibe ngakhale cogwirira, ndipo makomiti a zomanga angayambire pamenepo.

Pambuyo pa sitiroko

Pano zotsatira za kafukufuku n'zovuta kulandira, ndipo tikhalapo pang'ono.

Coyamba, zizindikiro: kukhota pakamwa, kufooka kwa dzanja kapena mwendo mbali imodzi, kulankhula mosamveka, zonsezi mwadzidzidzi. Munthu wotere athamangitsidwe kucipatala nthawi yomweyo. Pemphero licitikire m'galimoto. Asapatsidwe madzi, phala kapena mapilisi kufikira acipatala atayesa ngati akumeza bwino, cifukwa sitiroko nthawi zambiri imasokoneza kumeza, ndipo cakudya cikalowera kumapapo cimayambitsa cibayo.

Popeza kugona pabedi kumafooketsa, ambiri anali kuganiza kuti wodwala sitiroko ayenera kudzutsidwa mwamsanga ndiponso mwamphamvu. Kafukufuku wa AVERT, wotsogoleredwa ndi Julie Bernhardt wa ku Melbourne, anayesa zimenezi pa odwala 2,104 m'maiko asanu, ndipo anafalitsidwa mu The Lancet mu 2015. Odwala amene anayamba kudzutsidwa maola 24 asanathe, ndi kucititsidwa zambiri, sanacire bwino koposa: patapita miyezi itatu, 46 mwa 100 alionse anali bwino, poyerekeza ndi 50 mwa 100 a gulu la cisamaliro ca masiku onse. Atapendanso manambala, ofufuzawo anaona kuti kudzuka kwa nthawi yocepa koma pafupipafupi kunali kogwirizana ndi kucira bwino kuposa kukhala kunja kwa bedi nthawi yaitali kamodzi. Tsiku loyamba, lamulo ndi la acipatala.

Kafukufuku wina amatikhudza kwambiri. Ku India, monga kuno, akatswiri a physio ndi ocepa ndipo odwala amasamalidwa ndi a pabanja. Ofufuza a ATTEND anatenga odwala sitiroko 1,250 m'zipatala 14. Kwa theka la iwo, wacibale anaphunzitsidwa kutembenuza wodwala, kumunyamula, kumuyendetsa ndi kumucititsa zolimbitsa thupi; maphunziro anayambira m'cipatala ndi kupitirira kunyumba kwa miyezi iwiri. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2017. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, omwalira kapena odalirabe ena anali 47 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri. Kuphunzitsa acibale sikunavulaze munthu, koma sikunasinthe kanthu.

Ife a mipingo timakonda kukhulupirira kuti maphunziro a masiku angapo kwa anthu odzipereka angatseke mpata uliwonse. Pa nkhani ya sitiroko, umboni umene ulipo sukutilola kunena zimenezo. Wacibale ndi wofunika, pakuti ndiye amatembenuza wodwala usiku ndi kuonetsetsa kuti mankhwala amwedwa. Koma kuphunzitsanso dzanja ndi mwendo kumafuna maola ambiri obwerezabwereza, ndi munthu wophunzira nchitoyo amene amaona pamene wodwala wafika ndi kusintha zocita. Mu May 2023, msonkhano wa World Health Assembly unavomereza kwa nthawi yoyamba cigamulo copempha maiko kuika cithandizo cobwezeretsa mphamvu za thupi m'kati mwa nchito zaumoyo za masiku onse. Mipingo ya m'Zambia ili ndi zipatala zake, monga St Francis ku Katete, Nyanje ndi Mwami, ndipo imalankhula ndi boma kudzera m'bungwe la Churches Health Association of Zambia. Maganizo athu ndi akuti mabodi a zipatala za mishoni, pokambirana za anchito, aziwerengera a physio pamodzi ndi anesi ndi madokotala. Ndalama za thumba la osowa zikalipira basi yopita ku physio mlungu ndi mlungu, zagwira nchito yake.

BP ndi aspirin

Coyambitsa sitiroko cacikulu ndi kuthamanga kwa magazi. Kale anthu anali kuganiza kuti BP yokwera pang'ono ndi ya ukalamba basi. Kafukufuku wa SPRINT ku America, wa anthu 9,361, anaonetsa mu 2015 kuti kutsitsa nambala ya pamwamba kufika pansi pa 120, m'malo mwa pansi pa 140, kunacepetsa matenda a mtima ndi imfa, ngakhale mwa a zaka 75 kupita m'tsogolo. Kunabweretsanso kukomoka ndi mavuto a impso kwa ena, ndipo odwala shuga ndi amene anadwalapo sitiroko sanali m'kafukufukuyu. Mlingo woyenera munthu aliyense auike ndi dokotala.

Kafukufuku wa CREOLE anacitikira kwathu kuno ku Africa, m'maiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa, motsogoleredwa ndi Dike Ojji wa ku Abuja. Pa odwala 728, mu 2019 anapeza kuti mankhwala awiri ophatikiza okhala ndi amlodipine anatsitsa BP bwino kuposa perindopril ndi hydrochlorothiazide. Vuto limene timakumana nalo m'makomo si mtundu wa mankhwala, koma kuleka. BP siimveka kuwawa, ndiye munthu akamva bwino amasiya, ndipo ena amasiya atauzidwa pa mapemphero kuti acira. Mtumiki wa Mulungu asauze munthu kutaya mapilisi.

Aspirin amagulidwa pa kantemba, ndipo okalamba ena amamwa tsiku ndi tsiku poti amateteza mtima. Kafukufuku wa ASPREE ku Australia ndi America, wa okalamba athanzi 19,114, anapeza mu 2018 kuti aspirin wa tsiku ndi tsiku sanaonjezere zaka za moyo wathanzi, koma anaonjezera kutaya magazi koopsa. Izi sizikhudza amene dokotala anawalembera aspirin pambuyo pa sitiroko kapena matenda a mtima, iwo apitirize.

Makutu, maso ndi kuiwala

Gulu la akatswiri la The Lancet, lotsogoleredwa ndi Gill Livingston wa ku London, linanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya matenda oiwala, ochedwa dementia, ndi ogwirizana ndi zinthu 14 zimene zingasinthidwe. Zina mwa izo ndi BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kukhala wekhawekha, kusamva bwino ndi kusaona bwino. Kafukufuku wa ACHIEVE ku America, wa anthu 977 a zaka 70 mpaka 84, anayesa tizipangizo tothandiza kumva kwa zaka zitatu. Pa gulu lonse, mu 2023, sanapeze kusiyana. Koma mwa amene anali paciopsezo cacikulu, kutsika kwa maganizo kunacedwa ndi pafupifupi theka. Tizipangizoti n'todula, koma kucotsa phula m'makutu ndi opaleshoni ya ng'ala zimacitika m'zipatala zathu. Agogo amene aleka kubwera kuchalichi mwina sanabwerere m'mbuyo m'cikhulupiriro. Mwina sakumva ulaliki.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Dementia imabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Kusokonezeka kobwera m'maola kapena masiku ocepa, munthu n'kuyamba kuona zinthu zimene palibe kapena kungoti zii, nthawi zambiri kumayamba ndi matenda ena: malungo, cibayo, matenda a m'cikhodzodzo, kucepa kwa madzi m'thupi, kapena mankhwala. Kumeneku kumafuna cipatala tsiku lomwelo, ndipo kawirikawiri kumacira.

Mitundu yonse iwiri ingacititse mai wokalamba kutuluka m'nyumba usiku, kupezeka mbandakuca pakhomo pa eni ake wosavala bwino, n'kumayankha zosamveka. Tikudziwa zimene khamu limanena likamupeza, ndipo okalamba ena m'dziko lino amenyedwa ndi kuphedwa cifukwa ca zimenezo. Munthu wosokonezeka angavomere ciliconse cimene afunsidwa, conco kuvomera kwake si umboni wa kanthu. Lamulo la Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, limaletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Mkulu wa mpingo akaitanidwa pa nkhani yotere, ayambe wamufunditsa citenje, amucotse pagulu, aitane a pabanja, kenako apite naye kukiliniki.