Khola la Angoni ndi Khungu la Woweta

Anthu a Mpezeni, mfumu ya Angoni, atakhazikika m'dera lomwe lero ndi Chipata ndi Kasenengwa, midzi yawo inkazungulira khola. Milandu inkakambidwa kukhola, anyamata ankakama m'mawa mapazi ali m'ndowe, ndipo zikopa za ng'ombe zinkasanduka zishango. Mu 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni, anapha Nsingo, mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Mwambo wa Nc'wala unazilala mpaka 1980, koma kuweta sikunafe. Kwa mafumu Madzimawe ndi Nzamane ng'ombe zikulimabe ndi kukoka ngolo.

Mbiri imeneyi imakhudza khungu lenilenilo. Pakhungu la munthu aliyense pamakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tambiri timathandiza kutchinga toipa. Asayansi apeza kuti amene amagwira ziweto tsiku ndi tsiku amatengako tizilombo ta ziwetozo m'manja ndi m'mphuno. Ndiye kuti mibadwo ya abusa a kuno inakula ndi khungu lozolowerana ndi ng'ombe, ndipo kutcha moyo umenewo uve ndi kulakwa. Kafukufuku wa mu 2016 ku America anapeza kuti ana a alimi a Amish, okulira pafupi ndi makola, sadwala mphumu kawirikawiri ngati ana a alimi a Hutterite, omwe makolo awo amaweta ndi makina, ana ali kutali. Kafukufukuyo anayang'ana chifuwa, osati khungu, komabe anasonyeza kuti fumbi la m'nyumba zoyandikana ndi makola lingaphunzitse thupi kudziteteza.

Wina anganene kuti khola limadwalitsa, ndipo sakunama. Mwana wosisita thole lokhala ndi zigamba zotuwa pamutu amatenga chipere. Anthrax, yomwe inavuta ku Zambia mu 2023, imalowa pabala la munthu wosenda nyama yofa yokha, n'kusiya chilonda chakuda pakati. Koma ngozi zimenezi zili pa chiweto chodwala ndi chakufa, ndipo katemera, sopo ndi kukwirira mtembo wa ng'ombe zimazichepetsa.

Chimene makolo sanachidziwe ndi botolo la mankhwala a oxytetracycline logulidwa mutauni, lobayidwa mongoyerekeza ng'ombe ikangofooka ndi matenda a nkhupakupa. Mankhwala operewera amasiya tizilombo tosamva mankhwala, ndipo timeneti timasamukira kwa woweta, monga zinaonekera ku Netherlands cha mu 2005 pa alimi a nkhumba. Apa ndi pamene alangizi a ziweto a ku Kasenengwa ayenera kulimbikira, m'malo mothamangitsa ana kukhola.