Maso Oona Gwero la Nthenda: Mbiri Yoyambira pa Mathiriro a Ruo

Makhanga ndi dera la Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, ndipo lili pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Masiku ano dzinali limamveka pa wailesi madzi akasefukira, monga zinachitikira mu 2015 ndi mu 2023. Koma madzulo ano tikamba za mbiri ina ya malowa, yokhudza ntchito ya madokotala amene amafufuza chenicheni chimene chadwalitsa kapena kupha munthu, ntchito yotchedwa pathology.

Mu Januwale 1862, Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA anatsika kuchokera ku Magomero kudzakumana ndi David Livingstone pa mathiriro a Ruo. Ali pa ulendo, bwato lawo linagubuduzika usiku ndipo mankhwala onse, pamodzi ndi kwinini, anamira. Bishopuyo anadikira pa kachilumba ka pa mathiriropo, malungo n'kumugwira, ndipo anamwalira pa 31 Januwale. Chaka chotsatira, dokotala wa mishoniyo, John Dickinson, anafera kwa Chibisa ku Chikwawa. Livingstone mwini anali dokotala, mnzake John Kirk analinso dokotala, komabe panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chimene chimayambitsa malungo. Iwo ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo. Kwinini ankamudziwa kuti amathandiza, koma mdani amene ankalimbana nayeyo anali asanamuone ndi maso. Tisaiwale kuti mabuku anasunga maina a azungu ochepawo, pamene ana a Amang'anja ndi Asena amene nthenda yomweyo inkawatenga chaka ndi chaka sanawerengedwe.

Mdaniyo anaonekera kutali ndi kuno. Mu 1880, Alphonse Laveran, dokotala wa ku France wogwira ntchito ku Algeria, anaika dontho la magazi a wodwala pa makina okuza zinthu, naona tizilombo tikugwedezeka m'menemo. Mu 1897, Ronald Ross ali ku India anapeza tizilombo tomweto m'mimba mwa udzudzu. Zaka 35 zinali zitapita chimwalirire Mackenzie. Dambo linalibe mlandu chifukwa cha fungo lake ayi, koma chifukwa choswetsa udzudzu.

Tsono funso linali lakuti, kodi mwana wa dziko lino adzayang'ana liti yekha m'makina amenewa? Njira yake inali yaitali. A mishoni ankaphunzitsa Amalawi kutsuka zilonda, kugawa mankhwala ndi kuthandiza dokotala, monga anachitira ndi John Gray Kufa ku Blantyre Mission, koma udokotala weniweni unali kutsidya kwa nyanja. Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu ndiye anali woyamba. Anatsiriza maphunziro pa Meharry Medical College ku America mu 1917, koma anabwerera kwawo mu 1926, nadzatsegulanso Providence Industrial Mission imene inatsekedwa pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe. Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937, kenaka n'kupitiriza ku Edinburgh. Pakati pa awiriwa panadutsa zaka 20, ndipo chiwerengero chimenechi chikunena chokha m'mene khomo linalili lopapatiza.

Ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ofuna udokotala ankapitabe kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Za pathology ndiye zinali zovutirapo. M'zaka za m'ma 1970, dokotala akachotsa kachidutswa ka chotupa m'thupi la wodwala, kachidutswako kankatumizidwa ku chipatala cha St Thomas ku London kuti akakapime. Ganizirani mayi wa ku Makhanga, amene wawoloka Shire pa Chiromo kapena wayenda kukafika ku chipatala cha Trinity ku Muona, akuuzidwa kuti abwerere kumudzi akadikire yankho lochokera ku Ulaya, chotupacho chikukulirakulira.

Komatu zigwa zathu zotentha zinaphunzitsapo dziko lonse. Mu 1961, dokotala Denis Burkitt wogwira ntchito ku Uganda anayenda pa galimoto ndi anzake awiri m'maiko ambiri a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, akufunsa m'zipatala za chotupa chotupitsa nsagwada za ana. Anapeza kuti chimachuluka kumalo otsika, otentha ndi a mvula, ndipo kumapiri ozizira n'chosowa. Pambuyo pake zinadziwika kuti malo amenewa ndi omwenso malungo amavuta chaka chonse, ndi kuti khansa imeneyi imayenda limodzi ndi malungo ndiponso kachilombo kamene Anthony Epstein ndi anzake anakatulukira mu 1964.

Zinthu zinatembenuka mu 1991, pamene sukulu ya udokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri anali Pulofesa John Chiphangwi. Ophunzira oyamba ankayambira kunja n'kudzatsirizira kuno, ndipo gulu loyamba linalandira madigiri mu 1992. Ku gawo la pathology kunali Pulofesa George Liomba, ndipo pambuyo pake kunadza ena monga Steve Kamiza ndi Charles Dzamalala.

Apa ndipo pali nkhani imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu koposa. Kuyambira mu 1996, gulu la Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, mothandizana ndi akatswiri a ku Malawi, linayamba kupempha makolo a ana omwalira ndi malungo a mu ubongo kuti lipime mitembo ya anawo. Pa mwambo wathu ili si pempho lopepuka. Maliro akudikira, agogo ali kumudzi, ndipo pali mantha akuti ena afuna ziwalo. Komabe makolo ena anavomera misozi ili m'maso. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2004, zinadabwitsa madokotala: pa ana 31 amene ankayesedwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo ndithu m'magazi awo, monga zimakhalira ndi ana ambiri a kumalo a udzudzu, koma si ndito tinawapha. Ntchito yomweyo inatsimikizanso kuti dokotala akaunika mkati mwa diso la mwana wokomoka, amatha kuona zizindikiro zosiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi nthenda zina. Motero ana omwalira aja anathandiza kuti anzawo amoyo asamalandire mankhwala a malungo okha pamene chowadwalitsa chili china.

Mu 2011 ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kunatsegulidwa labotale ya pathology mothandizidwa ndi University of North Carolina, ndipo kumeneko ndi kumene kunadziwikira Dr Tamiwe Tomoka, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala katswiri wa ntchitoyi. Mu 2021, College of Medicine inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences.

Mnyamata kapena mtsikana wa ku Makhanga amene akulakalaka ntchitoyi safunikanso kukwera sitima ya pamadzi ngati Malekebu. Ayenera kukhoza bwino masamu ndi maphunziro a sayansi pa mayeso a MSCE, kuchita chaka chokonzekera ndi zaka zisanu za udokotala, kugwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18, kenaka n'kuwonjezera zaka zinayi kapena kuposerapo za ukatswiri, zimene ambiri mwa akatswiri athu anakazichitira ku South Africa. Akayamba ali ndi zaka 18, adzatsiriza akuyandikira zaka 30. Chovuta chachikulu chili poyambira penipeni: ku Makhanga madzi akasefukira, sukulu zimatsekedwa kapena kusanduka misasa ya othawa madzi, ndipo mwana amene amayenera kuona kachilombo koyamba m'makina a m'kalasi la sayansi amataya miyezi ya maphunziro, mayeso a dziko lonse osamudikira.