Bawo: Thabwa Limene Linatsala Malonda Atatha

Pa mpikisano wa chess, ngakhale oseŵerawo akhale ongophunzira kumene, aliyense amalemba papepala m'mene wayendera. Chifukwa cha mwambo umenewu, maseŵera a zaka 200 zapitazo angathe kubwerezedwa lero. Koma pansi pa mitengo ya mango ku Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Balaka pamachitika mpikisano wina wofuna nzeru zomwezo, umene mbiri yake imasungidwa m'mitu ya oseŵera. Ameneŵa ndiwo maseŵera a bawo.

Dzinali linachokera ku mawu a Chiswahili akuti bao, ndiko kuti thabwa. M'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, Ayao otchedwa Amachinga, ochokera kum'maŵa kwa nyanja, anakhazikika m'mbali mwa Shire ndi m'mapiri oyandikana nawo, pansi pa mafumu monga Kawinga ndi Liwonde. Iwoŵa ankagulitsa minyanga ya njovu ndi akapolo kwa amalonda a kugombe, makamaka a ku Kilwa. Njira zimene zinadzetsa nsalu, mfuti ndi Chisilamu ndi zomwezo zinadzetsa bawo. Mu 1895 asilikali a Harry Johnston anagonjetsa Kawinga paphiri la Chikala, ndipo malonda a akapolo anazilala. Koma thabwa lija linatsala. Pofika 1913 linali litakhazikika kotero kuti Meredith Sanderson, dokotala wa boma la Nyasaland, anafotokoza kaseŵeredwe kake m'nkhani imene inasindikizidwa ku London.

Thabwalo lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo nkhomo zake ndi 64. Mu chess, chodyedwa chimachoka pabwalo. M'bawo, nkhomo zodyedwa zimaloŵa m'maenje a wodyayo. Motero dzanja limodzi lingathe kusandutsa wolemera kukhala mmphaŵi. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo wauma, kapena amene wasoŵa poseŵera. Katswiri amaŵerengera mumtima kumene nkhomo yomaliza ikagwere asanakhudze dzenje.

Ku Zanzibar nzeru zotere zinalembedwa: mu 1995 Alex de Voogt anatulutsa buku la kafukufuku wake pakati pa akatswiri a kumeneko. Ku Machinga ndi Balaka, sukulu ya bawo ikadali khonde la sitolo ndi mthunzi wa pamsika. Katswiri wokalamba akatsikira kulichete, machenjera ake amapita naye, pokhapokha ngati panali mwana amene ankakhala pambali n'kumaŵerenga nawo nkhomo.