Zoyenera kudziwa pofufuta hard drive ndi kuikamo Windows yatsopano m'makompyuta a m'maofesi

Kompyuta ya muofesi ikayamba kuchedwa, ikagwidwa ndi vayirasi, kapenanso ikamaperekedwa kwa wogwira ntchito wina, langizo lomwe limamveka kawirikawiri ndi lakuti ingofomatidwa basi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti kufomata kumachotseratu chilichonse chomwe chidali m'makinawo. Koma ntchitoyi ikagwiridwa mosasamala imadzetsa mavuto awiri. Ofesi imataya zikalata zomwe ikuzifunabe, pamene zinsinsi zomwe ikuganiza kuti zafufutika zimakhala zilipo ndithu, ndipo munthu wodziwa za makompyuta akhoza kuzitulutsa.

Hard drive ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta

Hard drive ndi chipangizo chomwe chimasunga zonse za m'kompyuta ngakhale itazimitsidwa. Ya mtundu wakale, yomwe amaitcha HDD, imakhala ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo imalemba pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Yoyamba kugulitsidwa idapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Idali ndi mbale 50 zikuluzikulu koma inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni zokha. Makompyuta ambiri atsopano ali ndi mtundu wina wotchedwa SSD, womwe ulibe chozungulira chilichonse ndipo umasunga zinthu m'tizipangizo tamagetsi.

Pa hard drive pomwepo pamakhalanso pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yomwe pa Chingerezi amati operating system. Zodziwika kwambiri ndi Windows, macOS ndi Linux. Popanda pulogalamuyi kompyuta siingatsegule kalata, siingasindikize kanthu, ndiponso siingalumikizike ku intaneti. N'chifukwa chake hard drive ikafufutidwa yonse, pulogalamuyi imayenera kuikidwamonso.

Chifukwa chake kufufuta wamba sikukwanira

Kompyuta imakhala ndi kaundula wosonyeza dzina la fayilo iliyonse ndi malo omwe ili pa hard drive. Munthu akafufuta fayilo, ngakhale ataichotsanso mu Recycle Bin, kompyuta imangolemba m'kaundulamo kuti malowo tsopano ndi opanda mwini. Zolembedwazo zimakhalabe pomwepo mpaka fayilo ina idzalembedwe pamwamba pake. Zili ngati kalaliki wa ku registry wang'amba masamba a m'kaundula, koma mafayilo enieniwo wawasiya pashelefu. Wofika mwachangu aona ngati palibe kanthu, koma wofatsa awapeza onse.

Umu ndi momwenso imagwirira ntchito njira yofomata mwachangu yotchedwa quick format. Imapanga kaundula watsopano wopanda kanthu, koma siikhudza zomwe zidalembedwa kale. Pa Windows XP, ngakhale njira yaitali ya full format sinkafufuta zolembedwa. Inkangoyendera hard drive kuona ngati pali malo owonongeka. Kuyambira pa Windows Vista, kampani ya Microsoft idasintha njirayi kuti izilemba maziro pagawo lonse lomwe likufomatidwa.

Kuopsa kwa nkhaniyi kudaonekera poyera mu 2003, pomwe ophunzira awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, a Simson Garfinkel ndi a Abhi Shelat, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo. Iwo adagula ma hard drive 158 ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo 129 mwa iwo ankagwirabe ntchito. Okwana 12 okha ndi omwe adafufutidwa moyenera. Mwa enawo adapezamo makalata a anthu, mbiri za odwala ndi manambala a makadi a kubanki oposa 5,000.

Vutoli silidathere pomwepo. Mu 2022, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America la SEC lidalipiritsa kampani ya Morgan Stanley chindapusa cha madola 35 miliyoni. Kampaniyo idapereka ntchito yotaya zipangizo zake zakale kwa kampani yonyamula katundu yomwe idalibe luso la kufufuta, ndipo zina mwa zipangizozo zidagulitsidwa pa intaneti zili ndi mbiri za makasitomala.

Njira zitatu zofufutira

Bungwe loona za miyezo ku America la NIST lidatulutsa buku la malangizo lotchedwa Special Publication 800-88 mu 2006, ndipo lidalikonzanso mu 2014. Maboma ndi makampani ambiri padziko lapansi amatsatira magulu atatu omwe bukuli lidakhazikitsa.

Gulu loyamba, lotchedwa Clear, ndi kulemba zinthu zina, monga maziro, pamwamba pa malo onse a hard drive. Likuyenera kompyuta yomwe ikhalabe m'nthambi yomweyo. Gulu lachiwiri, lotchedwa Purge, limagwiritsa ntchito malamulo apadera omwe ali m'kati mwa chipangizocho, kapena makina a maginito amphamvu, kotero kuti ngakhale akatswiri okhala ndi zida zofufuzira sangapezemo kanthu. Limeneli ndi loyenera kompyuta yomwe ikutuluka m'manja mwa ofesi, kaya pogulitsidwa pa okushoni kapena kuperekedwa kusukulu. Gulu lachitatu, lotchedwa Destroy, ndi kuwonongeratu chipangizocho pochiphwanya, kuchigaya kapena kuchisungunula. Likufunika pa hard drive yomwe yafa ndipo siingafufutidwe, komanso yomwe idasunga zinsinsi zazikulu.

Anthu ena amakhulupirirabe kuti hard drive iyenera kulembedwa pamwamba maulendo ambiri. Maganizowa adafala kuchokera pa njira yomwe katswiri wa ku New Zealand, a Peter Gutmann, adafotokoza mu 1996, yolemba maulendo 35. Njirayo adaikonzera zipangizo za nthawi imeneyo. Malangizo a NIST adafotokoza kuti pa ma HDD amakono ulendo umodzi ndi wokwanira, malinga ngati wafika paliponse ndipo wina watsimikiza kuti zathekadi.

Pa Windows, lamulo la clean all mu pulogalamu ya diskpart limalemba maziro pa hard drive yonse, pamene lamulo la clean palokha limangochotsa magawo. Njira ya Reset this PC nayonso imatha kufufuta, koma wofufutayo akuyenera kusankha Remove everything ndi kuyatsanso Clean data. Pa HDD yaikulu ntchitoyi imatenga maola angapo. Ikatha m'mphindi ziwiri, ndiye kuti yangochotsa kaundula.

Kusiyana kwa SSD

SSD siilemba pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza. Pofuna kuti tizipangizo take tisathe msanga, imamwaza zolembedwa m'malo osiyanasiyana, ndipo imakhala ndi malo ena apadera omwe Windows siwaona. Choncho kulemba maziro pamwamba sikutsimikizira kuti zonse zapita. Akatswiri a pa University of California ku San Diego adasonyeza zimenezi pa kafukufuku wawo mu 2011. Pulogalamu yakale ya DBAN, yomwe amisiri ambiri adaizolowera, idakonzedwera HDD, ndipo makina a maginito sachita kanthu pa SSD.

Njira yoyenera ndi kugwiritsa ntchito lamulo la Secure Erase kapena Sanitize, lomwe limapezeka mu BIOS ya makompyuta ena kapena m'mapulogalamu a kampani yomwe idapanga SSD imeneyo. Ngati chipangizocho chidatsekedwa ndi BitLocker kuyambira pachiyambi, kuwononga kiyi wake kumachititsa kuti zotsalazo zisawerengekenso. Ichi ndi chifukwa chimodzi chomwe laputopu za akuluakulu oyendayenda zikuyenera kutsekedwa motero zikangogulidwa.

Zoyenera kuchita ntchito isanayambe

Choyamba ndi chilolezo. Kompyuta ya muofesi ndi katundu wa boma, ndipo makalata, malipoti ndi ndondomeko za chuma zomwe zili m'menemo ndi zikalata za boma ngati zomwe zili m'mafayilo a mapepala. Zikalata zotere siziwonongedwa mwachisawawa, ndipo zina zimayenera kukasungidwa ku National Archives ku Zomba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limadalira kuti maofesi azisunga bwino zikalata zawo. Nalonso lamulo la Data Protection la mu 2024, lomwe bungwe la MACRA lidapatsidwa udindo woliyang'anira, limafuna kuti osunga mbiri za anthu aziziteteza. Wogwira ntchito asafomate yekha kompyuta popanda kudziwitsa mkulu wa nthambi ndi ofesi ya ICT.

Kompyuta yomwe ikukhudzidwa ndi kafukufuku wa owerengera chuma cha boma, apolisi kapena bungwe lothana ndi katangale la ACB siyenera kukhudzidwa n'komwe. Pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma yotchedwa Cashgate mu 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti zolembedwa zina m'makina oyendetsera chuma a IFMIS zidafufutidwa ndalama zitatuluka kale. Kufufutako sikudabise mlandu, koma kudakhala mbali ya umboni.

Chachiwiri ndi kukopera kwina zonse zofunika. Mwini kompyuta akhale limodzi ndi wa ICT poyendera Desktop, Documents, Downloads ndi magawo ena monga D. Asaiwale mafayilo a Outlook othera ndi .pst, chifukwa nthawi zina makalata a imelo a zaka zambiri amakhala m'menemo mokha. Zokoperazo zisungidwe pa seva ya ofesi kapena pa hard drive yapadera ya ofesi, osati pa fulashi ya munthu. Akatha kukopera atsegule mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti aone ngati akuwerengeka. Ngati chifukwa chofomatira ndi vayirasi, akopere zikalata zokha, asiye mapulogalamu, ndipo zikalatazo ziunikidwe ndi pulogalamu yothana ndi mavayirasi zisanabwezeretsedwe.

Chachitatu ndi kulemba mndandanda wa mapulogalamu omwe adali m'kompyutamo, ziphaso zake, mtundu wa Windows ndi mapulinta omwe imagwiritsa ntchito. Ngati hard drive idatsekedwa ndi BitLocker, kiyi wake wa manambala 48 apezeke ntchito isanayambe. Chomaliza ndi magetsi. Laputopu ikhale yodzadza ndi yolumikizidwa, ndipo kompyuta ya padesiki ikhale pa UPS, chifukwa magetsi akathima ntchito ili m'kati, imayenera kuyambidwanso.

Kuikamo pulogalamu yatsopano

Microsoft idasiya kukonza ndi kuteteza Windows XP pa 8 Epulo 2014, Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa ndondomeko yapadera ya Extended Security Updates. Kuikanso mitundu yakaleyi pa kompyuta yolumikizidwa ku intaneti n'kutsegulira khomo akuba. Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imafuna kompyuta yokhala ndi RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB ndi kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Makina omwe sakukwanitsa izi akhoza kugwirabe ntchito ndi Linux, monga Ubuntu, yomwe ndi yaulere, ngati mapulogalamu omwe ofesi imadalira angathe kuyenda pamenepo.

Pulogalamuyi itengedwe kwa eni ake. Pa tsamba la Microsoft pali Media Creation Tool, yomwe imakonza fulashi ya 8 GB kapena kuposa kuti ikhale yoikira Windows, ndipo imafufuta zonse zomwe zidali pa fulashiyo. Makope obera ogulidwa m'misika nthawi zambiri amabwera ndi mavayirasi obisika, komanso amaphwanya malamulo a umwini. Pa makompyuta ambiri ogulidwa ali ndi Windows 8 kapena yaposachedwa, chiphaso chidalembedwa m'makina momwemo, ndipo chimadzivomereza chokha ngati aikamo mtundu womwewo, kaya Home kapena Pro.

Poyatsa kompyuta amadina batani lomwe limaonetsa komwe iyambire, lomwe pa makina ambiri a Dell ndi Lenovo ndi F12, pamene pa HP ndi F9. Akasankha fulashi, pulogalamu imaonetsa ma hard drive ndi magawo ake. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, pofufuta chipangizo cholakwika. N'chanzeru kuzula hard drive yosungirako zokopera ija ntchito isanayambe, ndi kuyang'anitsitsa kukula kwa chipangizo chilichonse asanadine Delete.

Pambuyo pake

Windows ikalowa, choyamba ndi kuilola kuti itenge zonse zoikonza kudzera pa Windows Update, kuphatikizapo madalaiva a netiweki, pulinta ndi zina. Kenako ayatse chitetezo cha mavayirasi, aike mapulogalamu ovomerezeka, ndipo pomaliza abwezeretse zikalata. Wogwiritsa ntchito kompyutayo tsiku ndi tsiku apatsidwe akaunti wamba yokhala ndi pasiwedi yatsopano, ndipo akaunti ya administrator ikhale ndi a ICT. Zokopera zija zisafufutidwe mpaka mwini kompyuta atatsimikiza kuti zonse zilipo.

Ofesi ikuyeneranso kulemba m'buku la katundu nambala ya kompyuta, nambala ya hard drive, njira yomwe yagwiritsidwa ntchito pofufuta, tsiku, dzina la wofufuta ndi la wochitira umboni. Kompyuta yomwe yalembedwa kuti igulitsidwe kapena itayidwe isatuluke m'sitolo popanda chikalata chimenechi. Pamene pali chikaiko ngati kufufuta kwathekadi, hard drive ichotsedwe m'makinamo ndi kusungidwa pamalo okiya mpaka idzawonongedwe, chifukwa yatsopano ikhoza kugulidwa, koma mbiri za malipiro, za odwala kapena za milandu zikafika m'manja olakwika sizibwereranso.